Mukafukula sewero la filimu yoopsa lomwe munalemba kalekale

Musathamangire kukonza zilembo ayi. Yambani mwaliwerenga lonse cholembera chili patali, kenako muchonge malo amene mantha anakugwiranidi. Otsalawo ndiwo ofunika mpeni.

Zolemba zakale zambiri zimalongolola: anthu a m'sewero amachifotokoza chilombocho mpaka oonera kuchizolowera. Dulani mawuwo. Chitseko chomwe chinali chotseka chingopezeka chotsegula, basi, wina asanenepo kanthu. Chilombocho chichedwe kuonekera, ndipo malamulo ake asasinthe pakati pa nkhani. Ngati sichiwoloka madzi pa tsamba 20, chisawolokenso pa tsamba 70.

Tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, choncho masamba 90 akwana. Zokambirana muziwerenge mokweza ndi mnzanu, poti mawu ena oopsa papepala amaseketsa akatuluka pakamwa.