Mfuti ndi Malire a Paki ku Malambo: Zoyenera Kuchita Musanafike pa Geti

Mlimi wa ku Malambo amene njovu zamudyera chimanga usiku umodzi amafunsa kuti mfuti yake ya laisensi ili ndi ntchito yanji ngati saloledwa kuiwomba. Agemu nawo amati munthu akapezeka ndi mfuti mkati mwa paki palibe njira yomusiyanitsira ndi wopha nyama mozemba. Onsewa ali ndi mfundo, koma pa geti la ku Mfuwe lolowera m'paki ya South Luangwa chimene chimagwira ntchito ndi pepala. Ndipo ena amene amagwa m'mavuto amakhala kuti pepala ali nalo, koma lolakwika.

Laisensi ya mfuti imachokera ku lamulo la Firearms Act, Cap 110, ndipo imadzera kupolisi. Imakulolani kukhala ndi mfutiyo, basi. Kulowa nayo m'paki kapena kusaka nyama ndi nkhani ya lamulo lina, Zambia Wildlife Act ya 2015, limene limayendetsedwa ndi Department of National Parks and Wildlife (DNPW), imene inalowa m'malo mwa bungwe lakale loyang'anira nyama zakuthengo, Zambia Wildlife Authority (ZAWA), mu 2016.

Yambani mwadziwa nthaka imene mukupondapo. M'paki monga South Luangwa, Luambe kapena Lukusuzi simusakidwa nyama, ndipo kupezeka ndi mfuti, mkondo, uta, msampha kapena poizoni popanda chilolezo ndi mlandu. M'madera ozungulira paki otchedwa Game Management Area (GMA), monga Lupande, Lumimba ndi Sandwe, anthu amakhala ndi kulima pansi pa mafumu awo; kusaka kumaloledwa, koma kwa yekhayo amene ali ndi laisensi yosakira yotchula mtundu wa nyama, chiwerengero chake, dera ndi nyengo. Pano pali msampha umene umakola ngakhale eni dera: ambiri amaganiza kuti mtsinje wa Luangwa ndiwo malire a paki ya South Luangwa paliponse. Sichoncho. Gawo la Nsefu lili tsidya lino la mtsinje, kum'mawa, koma ndi paki. Munthu angalowemo ndi mfuti paphewa osawoloka madzi.

Ngati ulendo wanu ndi wongoona nyama, siyani mfuti kunyumba, yokhomeredwa m'bokosi lachitsulo. Kuchoka ku Chipata kufika ku Mfuwe ndi pafupifupi makilomita 130, ndipo kukumbukira pa mlatho wa Luangwa kuti pansi pa mpando pali mfuti n'kochedwa. Secherani galimoto musananyamuke: m'kabokosi ka kutsogolo, m'matumba a zitseko, m'jekete yosakira. Chipolopolo chimodzi choiwalika chikhoza kubutsa mafunso ofanana ndi a mfuti yathunthu.

Ngati pali chifukwa chenicheni chodutsira nayo, pitani ku ofesi ya DNPW ku Chipata kapena ku Mfuwe masiku angapo ulendo usanafike. Tengani NRC ndi laisensi ya mfuti, ndipo onani kuti sinathe masiku komanso kuti nambala yolembedwa papepala ikufanana ndi yodindidwa pachitsulo. Pemphani chilolezo cholembedwa. Mawu apakamwa a ofisala amene mumadziwana naye sakakuthandizani mukakumana ndi asikauti ena m'thengo. Pa tsiku la ulendo chotsani magazini, tsegulani bawuti, yang'anani m'chipinda cha chipolopolo ndi maso kenaka pisanimo chala, chifukwa chimodzi chimakonda kutsalira mmenemo magazini itachoka kale. Mfuti ikhale m'chikwama chake, zipolopolo m'bokosi lina lokhoma. Mukafika pa geti nenani nokha kuti muli ndi mfuti, musanafunsidwe. Mukatero musapatuke pa msewu umene mwalembetsa.

Ena amati kuyenda pakati pa mikango wopanda mfuti n'kudzipereka. Koma onani mmene ulendo wapansi umayendera mu South Luangwa, kumene Norman Carr anatchukitsa kayendedwe kameneka. Alendo amandandalika mzere umodzi, sikauti wonyamula mfuti yaikulu ali kutsogolo, wolondolera alendo pambuyo pake. Mfuti ndi imodzi, ili m'manja mwa munthu amene amadziwa kusiyanitsa njovu yongoopseza, yotambasula makutu ndi kuwaza fumbi, ndi imene yapinda chitamba ikubwera ndithu. Mlendo wamantha wokhala ndi mfuti kumbuyo kwa mzere ndi woopsa kwa anzake kuposa njati. Apa ife tili mbali ya lamulo mosakayika.

Nkhani ya kumunda ndiyo yopweteka, ndipo siyenera kupeputsidwa. Lamulo limazindikira kuti munthu angadziteteze moyo wake kapena wa mnzake ukakhala pangozi. Koma mukawomba nyama motero, musaidule, musachotse minyanga, chikopa kapena nyama, chifukwa zonsezo ndi za boma. Kanenani msanga kwa agemu kapena kupolisi, dziwitsaninso anyakwawa ndi a Community Resources Board (CRB), komiti ya anthu a m'dera lanu yoyang'anira zachilengedwe. Nyama ikangovulala n'kuthawa, kanenaninso, ndipo apa m'pofunika kwambiri: njati yovulala imabisala m'tchire lowirira n'kudikira aliyense wodutsa, kaya ndi mayi wopita kukatunga madzi kapena mwana wa sukulu.

N'chifukwa chake gogodela, mfuti ija yothira wonga kukamwa kwa mpope, ndi yoipa pa ntchito imeneyi. Kawirikawiri sigwetsa njovu, imangoisiyira chilonda ndi ukali. Mpope wake, makamaka wa zosula kumudzi, umatha kuphulika wonga ukachuluka, n'kutenga zala kapena diso la mwini wake. Kuitulutsa wonga kulinso kovuta, motero imakhala yodzaza pakona ya nyumba momwe ana akusewera.

Pothamangitsa njovu, alimi a ku Mambwe amagwiritsa ntchito tsabola: kusakaniza tsabola wopera ndi ndowe za njovu n'kuumba njerwa zofukiza usiku kumbali imene mphepo ikuchokera, kapena kupaka tsabola wosakaniza ndi oyilo wakale wa injini pa nsanza zomangirira ku chingwe chozungulira munda. Mvula ikagwa pakaninso, chifukwa fungo limasukuluka. Njovu ikazolowera munda umodzi n'kumabwerabwera, lembani masiku amene yabwera ndi kukula kwa malo amene yawononga, n'kupereka kwa a CRB kuti aitane agemu.