Momwe ophunzira angaphunzirire Chingerezi paokha pa foni

Mphunzitsi wina wa Fomu 3 wafunsa kuti: ophunzira anga amangodikira ine pa chilichonse, ndingatani kuti aziphunzira Chingerezi okha pogwiritsa ntchito foni?

Poyamba, aphunzitsi, fufuzani kuti ndani ali ndi foni ya intaneti kunyumba. Ambiri amabwereka ya makolo madzulo, choncho agaweni m'timagulu ta anthu anayi kapena asanu, kagulu kalikonse kakhale ndi foni imodzi yodalirika.

Kenako tsegulani gulu la WhatsApp la kalasi yonse. Bandulo ya WhatsApp yokha ya Airtel kapena TNM ikwanira.

Chachitatu ndiye chenicheni. Aliyense azijambula mawu ake akulankhula Chingerezi kwa mphindi imodzi pa sabata, pa nkhani imene wasankha yekha: mpira wa Bullets ndi Wanderers, mtengo wa chimanga pamsika, chilichonse. Asanatumize, adzimvetsere kaye n'kulemba zolakwika ziwiri zimene wazipeza. Inu musathamangire kukonza. Alekeni anzake ayambe, inu mubwere pambuyo ndi chinthu chimodzi chokha, chifukwa mukakonza zonse abwereranso kumangoyang'ana pakamwa panu.

Mawu atsopano aziwasunga mu AnkiDroid, pulogalamu yaulere imene imagwira ntchito ngakhale palibe data, ndipo imakufunsanso mawuwo ukatsala pang'ono kuwaiwala. Makadi a m'pulogalamuyi, pamene amalembapo mawu ndi tanthauzo lake, azilemba okha, osati inu.

Lachisanu lililonse aliyense anene chimene akufuna kukwanitsa sabata yotsatira. Akayamba ulesi, akumbutseni kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE.