Laputopu yopepuka kapena ya mu ofesi: malangizo kwa Amalawi a ku Chipata

Ambiri a ife Amalawi amene tikukhala kuno ku Chipata, Katete kapena Lundazi sitigula laputopu chaka ndi chaka. Timasonkhanitsa ndalama kwa miyezi, ndipo tikagula timafuna kuti ikhalitse mpaka mwana adzapite nayo ku koleji. Ogulitsa akakutumizirani zithunzi pa WhatsApp mudzaona mitundu iwiri. Pali zopyapyala zokongola monga MacBook Air, Dell XPS 13 ndi ThinkPad X1 Carbon, zolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Palinso zokhuthalirapo, zosakopa maso, zimene makampani amagulira antchito awo: ThinkPad za mtundu wa T, Dell Latitude ndi HP EliteBook. M'bale wanga akandifunsa ndimamuuza kuti atenge ya mu ofesi, chifukwa ikadwala imachiritsika konkuno.

Kuti laputopu ipepuke chonchija, opanga amamatirira zinthu pa bodi, chimake chachikulu cha mkati pamene pamalumikizidwa zida zonse. RAM (memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ya XPS 13 ndi X1 Carbon siichoka, ndipo pa MacBook Air za kuyambira mu 2018 ngakhale SSD, mmene mumakhala mafayilo anu onse, ndi yomatirira. Mukagula ya 8GB mudzakhala ndi 8GB yomweyo mpaka kalekale. Bodi ikapsa, okonza makompyuta a m'tauni muno nthawi zambiri amangopukusa mutu n'kukulozerani ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road. Ndi tsiku lathunthu pa basi, ndalama ya ulendo, pogona, kenaka kudikira zida.

ThinkPad T480 ya mu 2018 mukamasula zomangira zapansi mumapeza malo awiri a RAM, SSD yochotseka, ndipo batire lake lina lili kunja, mumangolisolola ndi dzanja. HP EliteBook 840 G5 nayonso ili ndi malo awiri a RAM. Makina amenewa anabwera ambirimbiri ngati kaunjika, choncho kiyibodi, sikirini, chaja ndi batire zake sizivuta kupeza, kaya ku Lusaka kaya ku Lilongwe, kumene kwa ife n'kufupi kwambiri mukangodutsa pa Mwami. Chenjerani pang'ono ndi T490: RAM yake ina ndi yomatirira, malo owonjezerapo ndi amodzi okha.

Ganiziraninso za mabowo. XPS 13 ya zaka zaposachedwa ili ndi mabowo awiri okha, ang'onoang'ono a mtundu wa USB-C, mmene fulashi wamba siilowa. Mukafika pamalo posindikizira mapepala ndi fulashi yanu, kapena pa msonkhano pamene pali pulojekita ya HDMI, mumafunika kachipangizo kolumikizira, ndipo kameneka kamasowa tsiku limene mwakafuna. Ya mu ofesi mumangolowetsa basi.

Koma pa nkhani ya magetsi, yopepuka ili ndi mawu ake. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, ZESCO n'kumathimitsa magetsi maola oposa 17 pa tsiku. MacBook Air ya M1, imene inatuluka mu 2020, eni ake a Apple amati batire lake limatha kufika maola 18, ndipo ngakhale lisafikepo, tsiku la ntchito limalimaliza. Ilibenso fani, ndiye siyamwa fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limene limatseka makina ena mpaka kutentha. Ngati ntchito yanu ndi yoyenda m'midzi ya ku Chadiza kapena Vubwi pa njinga yamoto, chikwama kumsana, kulemba malipoti pamalo popanda soketi, ndipo ndalama zilipo, tengani yopepuka. Muigulire chikwama chofewa mkati, ndipo mafayilo muzisunganso kwina.

Enafe amene timakhala pa tebulo kuwerengera matumba a soya ndi mtedza pa Excel, kulemba mayeso a ana kapena kuphunzira pa intaneti, vuto la magetsi lili ndi njira yotsika mtengo. Gulani ya mu ofesi yochajira pa USB-C, muikemo batire latsopano, muwonjezere pawabanki yotulutsa mawati 65. Ndalama yonse pamodzi kawirikawiri siifika pa mtengo wa yopepuka yatsopano.

Pogula ya kaunjika musapereke ndalama musanaiyatse nokha. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo pa makina a Intel, Windows 11 imafuna purosesa (ubongo wa kompyuta) ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Onani nambala yake, pakuti apa 8 kapena 7 ndiye m'badwo wake: i5-8250U ndi yabwino, i5-7200U isiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji. Lowani mu BIOS, zoikamo za makinawo zimene mumatsegula Windows isanayambe, muone ngati mulibe pasiwedi ya kampani imene inali nayo kale. Ngati ndi MacBook, wogulitsa achotse akaunti yake ya Apple, ya iCloud, inu mukuona, chifukwa yotsekedwa simudzaigwiritsa ntchito. Pa Windows tsegulani pulogalamu ya Command Prompt, mulembemo powercfg /batteryreport kuti muone mphamvu imene yatsala m'batire. Dinani batani lililonse, yesani kamera ndi mabowo onse. RAM ikhale 16GB ngati mungathe, SSD isachepere 256GB.

Lisiti ikhale ndi nambala ya makinawo, imene imalembedwa pansi pake, ndipo muziyenda nayo podutsa malire kuti a za misonkho, a MRA kapena a ZRA, akafunsa musavutike kufotokoza. Pulagi ya mano atatu imagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Musanasankhe kogula funsani mitengo ku Chipata, Lusaka ndi Lilongwe sabata yomweyo, pakuti chichepetsereni mphamvu ya kwacha ya kwathu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya ku Malawi siikhazikika. Wogulitsa akalonjeza kuti ikavuta mubweze, alembe pa lisiti pomwepo miyezi yake.