Kasovedwe ka mafunso a fiziki ndi masamu a uinjiniya: tiyambire pa pampu ndi thanki

Ambiri mwa inu amene mwayamba uinjiniya ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, kapena ku Harare Institute of Technology ku Belvedere, munakhoza bwino masamu ndi fiziki ku sekondale. Komabe mayeso oyamba a ku yunivesite amagwetsa anthu ambiri anzeru zawo. Chifukwa chake n'chakuti funso la kuno silikuuzani fomula yoti mugwiritse ntchito. Limangokupatsani nkhani ya pampu, mtanda wachitsulo kapena waya wa magetsi. Amene amathamangira kusaka fomula m'buku asanaijambule nkhaniyo amasova funso lina, losiyana ndi limene lafunsidwa.

Titenge chinthu chimene mumachiona tsiku ndi tsiku, kaya mumakhala ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Highfield: chitsime chobowola ndi thanki pansanja. Funso likuti madzi ali pa mamita 40 pansi pa nthaka, pakamwa pa thanki pali pa mamita 6 pamwamba pa nthaka, thankiyo ndi ya malita 5000 ndipo iyenera kudzaza m'maola awiri. Paipi ndi yaitali mamita 60, m'mimba mwake ndi mamilimita 25. Pezani kukula kwa pampu yofunika.

Kalikuleta ikhale pambali kaye. Jambulani mzere wa nthaka, madzi pansi, thanki pamwamba, paipi pakati, ndipo nambala iliyonse muilembe pamalo pake. Chithunzichi chikuonetsani msanga kuti pali mitunda iwiri yosiyana. Madzi akukwera mamita 46, koma akuyenda m'paipi ya mamita 60. Wa 46 ndi wa kukwera, wa 60 ndi wa kukhulana kwa madzi ndi paipi. Osajambula amasokoneza iwiriyi.

Kenako manambala onse muwasandutse akhale a SI (mamita, masekondi ndi makilogalamu), pamzere wawowawo, musanawalowetse mu fomula iliyonse. Malita 5000 ndi 5 m³. Maola awiri ndi masekondi 7200. Mamilimita 25 ndi 0.025 m. Choncho madzi oyenda pa sekondi ndi Q = 5 ÷ 7200 = 0.000694 m³/s. Kukula kwa bowo la paipi ndi πD²/4 = 0.000491 m², ndipo liwiro la madzi ndi Q kugawa ndi bowolo, lomwe ndi 1.41 m/s. Apa pali msampha wakale: munthu amakumbukira πr² n'kulowetsamo 0.025, pamene r ndi theka lake. Bowo limatuluka lalikulu kanayi, liwiro limachepa kanayi, ndipo poti kukhulana kumatsata liwiro lochulukitsidwa ndi lokha, kumachepa ka 16.

Musanasankhe fomula ya kukhulana, funsani kuti madziwo akuyenda motani. Chotiuza zimenezi ndi Reynolds number (Re), yomwe ndi vD/ν: v ndi liwiro, D ndi m'mimba mwa paipi, ndipo ν, muyeso wa kulimba kwa madzi poyenda (kinematic viscosity), pa madzi ozizira ndi pafupifupi 0.000001 m²/s. Tipeza pafupifupi 35,000. Madzi amayenda mwabata nambalayi ikakhala pansi pa 2300, ndiye awa ndi owinduka, ndipo fomula ya f = 64/Re, yopezera nambala ya kukhulana f, siigwira pano. Tinene kuti funso lapereka f = 0.025. Ndi fomula ya Darcy-Weisbach, kutalika kotayika ndi f × L/D × v²/2g, kapena kuti 0.025 × 2400 × 0.102, zomwe zikupereka mamita 6.1. Chenjerani: mabuku ena, makamaka a ku Britain, amalemba 4f m'malo mwa f, chifukwa f yawo ndi ya Fanning, yocheperako kanayi. Onani kuti aphunzitsi anu ndi tchati cha Moody chopezera f chimene muli nacho akunena f yomweyo.

Pampu ndiye ikankhe madzi ngati ikuwakweza mamita 52, kuphatikiza 46 a kukwera ndi 6.1 a kukhulana. Mphamvu yopita m'madzi ndi ρgQH = 1000 × 9.81 × 0.000694 × 52, pafupifupi 354 W. Ngati funso lati pampu ndi injini yake zimafikitsa kumadzi theka lokha la mphamvu ya magetsi, mugawe ndi 0.5, mupeza 708 W. Yogula ndi ya 0.75 kW. Ena amachulukitsa ndi 0.5 n'kupeza 177 W. Angodzifunsa: makina angatulutse bwanji zochuluka kuposa zimene adya?

Yankho likapezeka musadule mzere msanga. Liyerekezeni ndi zimene maso anu anaonapo. Mapampu a pakhomo amakhala a theka la kilowati, kilowati imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndiye 0.75 kW ikumveka. Mukanaiwala kusandutsa maola kukhala masekondi, mukanapeza zoposa megawati imodzi, mphamvu yoyendetsera fakitale ku Msasa, pofuna kudzaza thanki ya banja limodzi. Yankho lotero likakutulukirani pamayeso nthawi itatha, lembani pambali kuti mwaona kuti silingatheke. Wochonga amasiyanitsa wolakwitsa wodziwa kuti walakwitsa ndi wongolemba.

Pali chinthu china chimene chimatipunthwitsa ife olankhula Chichewa. Mawu amodzi akuti mphamvu timatchulira zinthu zitatu. Kukankha kapena kukoka ndi mphamvu, ya manyutoni. Ntchito yogwiridwa kapena yosungidwa ndi mphamvu, ya majulo. Kufulumira kwa kagwiridwe ka ntchitoyo ndi mphamvunso, ya mawati. Mukamakambirana pagulu, zolowerani kutchula yunitsi: mphamvu ya manyutoni, mphamvu ya mawati. Mayunitsi omwewo ndi amene amayesa fomula imene mukuikayikira. Mu ρgQH, kg/m³ kuchulukitsa ndi m/s², ndi m³/s, ndi m, zimatsala kg·m²/s³, yomwe ndi wati. Zikanatsala zina, fomulayo mukanaitaya.

Tsopano masamu. Thanki yomwe ija yadzaza, madzi afika mamita 2, m'mimba mwake ndi 1.8 m, ndipo mwatsegula bowo la mamilimita 25 pansi pake. Itha nthawi yanji? Lamulo la Torricelli likuti liwiro la madzi otuluka ndi √(2gh), pamene h ndi kuya kwa madzi m'thanki. Poyamba ndi 6.26 m/s. Wopupuluma achulukitsa liwiro limeneli ndi kukula kwa bowo, agawa madzi onse ndi zimene wapezazo n'kupeza mphindi 28. Walakwa, chifukwa madzi akamatsika liwiro limatsikanso. Paliponse pamene chinthu chikusintha pamene mukuchiyeza, dziwani kuti pakufunika differential equation.

Ilembeni m'mawu musanailembe m'zizindikiro: madzi ochoka m'thanki ndi ofanana ndi madzi odutsa pabowo. Ndiye A dh/dt = −a√(2gh), pamene A ndi kukula kwa pansi pa thanki ndipo a ndi kukula kwa bowo. Kachizindikiro kochotsera kali pamenepo chifukwa h ikuchepa. Mukakasiya, masamu anu anena kuti thanki ikudzaza yokha. Ikani za h mbali imodzi, za t mbali inayo, chitani integration, mupeza 2√h = −(a/A)√(2g) t + C. Musaiwale C. Pa t = 0, h ndi H, choncho C ndi 2√H. Pamene h yafika ziro, nthawi ndi T = (A/a)√(2H/g).

Taonani kuti mpaka pano sitinalowetse nambala. Tikulimbikitsa kwambiri chizolowezi chimenechi, chifukwa zilembo zimaonetsa zimene manambala amabisa. A/a ndi 1.8 kugawa ndi 0.025, kuchulukitsa ndi yokha: 72 × 72 = 5184, ndipo π yafafanizika osaigwira n'komwe. T ndi 5184 × 0.639, masekondi 3310, pafupifupi mphindi 55, kuwirikiza kawiri yankho la wopupuluma uja. Pabowo lakuthwa m'mphepete madzi amapanikizana, ndipo otuluka amakhala pafupifupi 0.6 ya amene masamuwa akunena. Funso likapereka nambala imeneyi, nthawi ifika mphindi 92.

Malo amene muli nawonso amalowa m'masamu. Harare ili pafupifupi mamita 1500 pamwamba pa nyanja yamchere. Mpweya kuno umapanikiza ndi pafupifupi 85 kPa, pamene mabuku amalemba 101 kPa ya m'mphepete mwa nyanja. Madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95. Pampu yoikidwa pamtunda, yochita kuyamwa madzi, malire ake pamasamu ndi 85,000 ÷ 9810, mamita 8.7, ndipo pantchito yeniyeni siifika n'komwe pamenepo. N'chifukwa chake pampu ya chitsime chakuya amaimiza m'madzi momwemo kuti izikankha. Pamayeso gwiritsani nambala imene funso lapereka, koma pa pulojekiti yoti imangidwe kuno gwiritsani ya kuno.

Kalikuleta nayo imadya malikisi mwakachetechete. Musanayambe, dinani sin 30. Ikapereka 0.5 ili pa madigiri, ikapereka −0.988 ili pa ma radian. Calculus yonse imafuna ma radian, chimodzimodzi mafunso a magetsi a AC: pa 50 Hz ya magetsi a ZESA, ω ndi 2π × 50, yomwe ndi 314 rad/s. Zonse za pansi pa mzere wogawira muzizitsekera m'mabulaketi, chifukwa 1 ÷ 2 × π imapereka 1.57 pamene munkafuna 0.159. Manambala a pakati muwasunge athunthu mu Ans, mudule pamapeto pokha.

Poyeserera, yankho la m'buku muliphimbe ndi pepala. Kuwerenga yankho la wina kumanyenga, chifukwa mzere uliwonse umaoneka womveka mpaka tsiku limene mukhala nokha ndi pepala loyera. Limbanani nalo funsolo kwa mphindi 20. Mukakakamira, suzumirani mzere umodzi wokha, phimbaninso, pitirizani nokha. Pakapita masiku atatu libwerezeni, koma musinthe chinthu chimodzi. Pa funso la pampu lija, ikani paipi ya mamilimita 32 m'malo mwa 25, f ikhale yomweyo, muone kukhulana kukutsika kuchoka pa mamita 6.1 kufika pa 1.8.