Kulera mwana wamng'ono modekha ndi kumuzoloweza kuthokoza pakhomo

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno kuchigwa cha Shire, dzuwa limayamba kuswa mtengo kukadali m'mawa, ndipo masiku ambiri kutentha kumafika kapena kupitirira madigiri 40, moti mbuzi zimangounjikana pansi pa mitengo ya nimu osafunanso kukadya. Nyengo yotereyi mtima wa kholo suchedwa kupsa, ndipo amene amalandira ukali wonsewo kawirikawiri ndi mwana wa zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi, yemwe mlandu wake ndi ubwana basi. Malangizo awa ndalembera kholo limene likufuna kuchepetsa kukalipa pakhomo ndi kuzoloweza mwana wake kuthokoza, ndipo zinthu ziwirizi ndaziphatikiza dala, chifukwa m'kulera kwanga ndaona kuti mwana satola mawu oyamika pakamwa pamene tsiku lonse pakutuluka ukali wokhawokha.

Zimenezi ndinazizindikira mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zitatu. Ndinali nditaima pamzere wa pamjigo kuyambira m'bandakucha, ndipo nditatula ndowa ya malita 20 pakhonde, ndinalowa m'nyumba kukatenga chivundikiro. Potuluka ndinapeza mwanayo ataviika manja ake afumbi m'madzimo mpaka m'zigongono, akutunga ndi chigoba cha dambe. Ndinamukalipira mpaka anayamba kunjenjemera. Mtima utatsika, ndinaona anapiye atatu ali wefuwefu pamthunzi wa nkhokwe, mapiko atagwa, ndipo pafupi nawo panali chigoba china chimene mwanayo anali atachidzaza kale. Ali mkati mosisima anandiuza kuti, "Amayi, anapiye ali ndi ludzu." Madzi aja sanatayike, poti tinachapira, koma tsiku limenelo ndinalanga mwana chifukwa cha chifundo chake, pamene ndinayenera kumuyamika kenako n'kumusonyeza potungira poyenera.

Poyambira penipeni ndi kusiyanitsa zinthu zimene zingachotse moyo wa mwana ndi zimene zimangokutopetsani. Zoopsazo n'zowerengeka, ndipo kuno timazidziwa bwino. Mtsinje wa Shire ndi madambo ake muli ng'ona, ngalande za m'minda ya nzimbe ku Nchalo zimatha kumiza mwana, mbaula ndi mphika wa phala zimawotcha, ndipo mankhwala opopera thonje kapena parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa akhoza kupha. Kugona m'neti usiku uliwonse kulinso m'gulu lomweli, pakuti udzudzu wa kuno supuma, ndipo mwana akatentha thupi ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamuyeze malungo. Pa zimenezi mawu anu akhale amodzi, olimba ndi osasintha, ngakhale mwana alire chotani. Koma kudetsa zovala, kusewera ndi matope, kufunsa funso limodzi kakhumi, kukana malaya amene mwamusankhira, zonsezi zilekeni zidutse. Kholo limene limakuwa pa chilichonse limafooketsa mawu ake omwe, kotero kuti tsiku limene lidzakuwe chifukwa mwana akuthamangira kumtsinje, iye adzangomva ngati phokoso la masiku onse.

Mukatero, konzani pakhomo kuti mawu akuti "siya" achepe okha. Mpeni, machesi, mapiritsi ndi mankhwala a kumunda ziikeni pamwamba pamene mwana sangafikire ngakhale atakwera pampando, ndowa zonse zikhale zovundikira, ndipo mwanayo mupatseni kachigubu kake ndi kapu yake, kuti akafuna kumwa, kuthirira kambewu kapena kumwetsa anapiye asalowe m'madzi akumwa a banja lonse. Ntchito ya tsiku limodzi imeneyi imachotsa mikangano yambirimbiri.

Kenako yang'anani nthawi imene mwana wanu amavuta kwambiri, chifukwa makani ambiri a ana aang'ono amachokera ku njala, ludzu, tulo ndi kutentha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 patsiku, ndipo wa zaka zitatu kapena zinayi maola 10 mpaka 13, kuphatikizapo tulo ta masana. Kuno usiku wa m'chilimwe nyumba ya malata imakhala ngati uvuni, ndipo mwana amagona mochedwa, choncho tulo ta masana n'tofunika kwambiri. Muyalireni mphasa pamthunzi pamene pakupita mphepo, mumusambitse kaye ngati madzi alipo, ndipo mum'patse madzi akumwa pafupipafupi osadikira kuti apemphe. Ulendo wa kumsika wa ku Ngabu kapena kuchigayo muukonze m'mawa kukadali kozizirako. Pa chakudya musalimbane naye. Muikireni pang'ono m'mbale yakeyake, phala lothira nsinjiro, mbatata ya kudimba, kansima ndi nsomba yochotsa minga, ndipo akakana musamukakamize kapena kumuopseza, koma mudzam'patsenso pakapita kanthawi. Chimene chingakuuzeni ngati akukula bwino ndi mzere wa m'buku la kusikelo ndi mawu a alangizi a zaumoyo, osati kuchuluka kwa nsima imene watsiriza lero.

Tsopano pa nkhani ya kuthokoza, pamene ndikufuna kukhalitsapo. Ambiri a ife tinaphunzira kunena "zikomo" mwa mantha: mlendo akatipatsa kanthu, amayi ankatitsina kumbali n'kunena kuti, "Umati chiyani?" Mwambo wolandira ndi manja awiri, kugwada ndi kuwomba m'manja ndi wabwino, ndipo sindikuti tiusiye. Koma mwana wa zaka ziwiri amene akubisala kumbuyo kwa chitenje chanu sakuchita mwano, akuchita manyazi, ndipo mukamuchititsa manyazi enanso pamaso pa mlendo, mawu akuti zikomo amayamba kuwaona ngati chilango. Njira yabwino ndi yakuti inuyo mugwire timanja take, mulandire naye limodzi, n'kunena nokha momveka kuti, "Zikomo kwambiri, agogo, mwatikumbukira." Mukachita zimenezi kambirimbiri, tsiku lina mudzangomva mawuwo akutuluka okha. Anansi athu Achisena pothokoza amati "takhuta", ndipo ine mawu amenewa amandigwira mtima, chifukwa kwa khutu la Mmang'anja amamveka ngati munthu akunena kuti chimene walandira chamukwanira. Mwana wokulira ku Chikwawa kapena ku Nsanje amamva ziyankhulo zonse ziwiri, ndipo n'chinthu chokoma kumuphunzitsa mawu onse awiriwo kuti azithokoza aliyense m'chinenero chake.

Mwana azimvanso akuluakulu a pakhomo akuthokozana. Abambo akabwera kudimba atanyamula nkhwani, amayi anene mwana akumva kuti, "Zikomo abambo, ndiwo zapezeka." Amayi akatula mtolo wa nkhuni, abambo asangoyang'ana ngati nkhunizo zabwera zokha. M'mabanja ambiri mawu oyamika timasungira alendo, ndipo mwana amene akuona zimenezi amaganiza kuti kuthokoza n'kwa anthu achilendo okha, pamene amene amatitumikira tsiku ndi tsiku sayenera kanthu. Mwanayo muzimuthokozanso, ndipo muzitchula chimene wachita: "Zikomo wandibweretsera lichero," kapena "Wachita bwino kum'gawira mng'ono wako masau." Kungoti ndiwe mwana wabwino sikumuuza kanthu, koma mukatchula ntchitoyo amadziwa chimene angabwerezenso mawa.

Nthawi yabwino koposa yophunzitsira kuyamika ndi ya chakudya, chifukwa mbale ya nsima ili ndi manja ambiri kumbuyo kwake, ndipo mwana amakonda nkhani yokhala ndi anthu amene akuwadziwa. Ngati mukudya nsima ya mapira, mufunseni kuti, "Kodi ufa uwu wachokera kuti?" Akati kuchigayo, pitirizani naye chammbuyo pang'onopang'ono: anapita nawo kuchigayo ndi achemwali ake atasenza pamutu, anapeta ndi amayi, anapuntha ndi azakhali, ndipo mapirawo asanakololedwe, achimwene ake ankadzuka m'mamawa kukapirikitsa mbalame kumunda, akumenya chitini mpaka mawu kusasa. Mlamba umene uli m'mbalemo anaugwira ndi msodzi amene anakhala m'bwato usiku udzudzu ukumuluma. Simuyenera kutchula zonsezi tsiku limodzi, ndipo isakhale ngati phunziro la m'kalasi, chifukwa mwana wanjala alibe makutu. Munthu mmodzi pa chakudya chimodzi akukwanira. Mabanja amene amapemphera asanadye akhoza kumulola mwana kutchula yekha chinthu chimodzi chothokozera Mulungu, ndipo akatchula mwana wa mbuzi kapena nsapato zake musaseke, pakuti kwa iye zimenezo ndi zazikulu.

Madzulo mukakhala pamphasa panja kudikira kuti m'nyumba muzizire, mufunseni chimene chamusangalatsa tsiku limenelo, ndipo inunso munene chanu. Foni muiike kaye pambali pa mphindi zochepazo. Mwambo umenewu umathandizanso kholo, chifukwa munthu amene akudziwa kuti madzulo adzafunsidwa chabwino chimene waona, amayamba kuchifunafuna masana, ndipo diso limene likufunafuna chabwino mwa mwana silithamangira zolakwa zake.

Adzakhalapo ndithu masiku amene mwana adzadzigwetsa pansi, n'kumagubuduka m'fumbi chifukwa mwamukaniza kanthu. Pamenepo musachulutse mawu, chifukwa mwana amene ali pakati pa kulira samva chilichonse. Onetsetsani kuti sali pafupi ndi moto, njutani kuti nkhope yanu ifanane msinkhu ndi yake, nenani kamodzi modekha kuti mwaona kuti wakwiya koma chinthucho simum'patsa, kenako khalani pafupi mpaka mkuntho udutse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukaona kuti dzanja lanu layamba kuyabwa, m'perekeni kwa agogo ake kapena kwa mnansi, inu mukazungulire kuseri kwa nyumba, mumwe madzi. Khanda lokha musaligwedeze mwaukali ngakhale pang'ono, chifukwa kutero kukhoza kuvulaza ubongo wake. Ndipo mukalakwitsa, monga ndinalakwitsira ine pa anapiye aja, pepesani. Mawu akuti "Pepa mwanangu, ndinakuwa kwambiri" sachotsa ulemu wa kholo, koma amam'phunzitsa mwana mmene munthu amakonzera zimene waononga.

Apongozi kapena amayi anu akhoza kunena kuti mukumulekerera mwana ndipo adzakula wopanda mwambo. Musawayankhe mwamwano, chifukwa nkhawa yawo ndi yoona, ndipo iwo analera ana ambiri m'nyengo zovuta. Afotokozereni mwaulemu kuti, "Amayi, malamulo alipo, ndipo pa za mtsinje, moto ndi ulemu kwa akulu sindibwerera m'mbuyo, koma ndikufuna azimvera chifukwa wamvetsa, osati chifukwa choopa chikoti." Kenako apempheni kuti akuthandizeni ndi nthano ndi nyimbo zimene amadziwa, pakuti agogo amene apatsidwa gawo pa kulera sachedwa kukhala mbali yanu.

Sindingalembe za kuthokoza ngati kuti kuno moyo ndi wofewa. Tinaona madzi osefukira mu Januwale 2015, namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, ndipo mabanja ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje anagona m'misasa ndi m'makalasi a sukulu, nkhokwe ndi ziweto zitapita ndi madzi. Zaka zina ndi chilala chimene chimapsereza mbewu zisanakhwime. Pa nthawi zotere musamuuze mwana kuti asalire chifukwa ena akuvutika koposa, ndipo musamukakamize kuoneka wosangalala. Mwana amene waona zoopsa akhoza kuyambiranso kukodza pogona, kukakamira kumsana kapena kudzidzimuka mvula ikagunda pamalata, ndipo zimenezi si mwano ayi. Mufungatireni, musunge mwambo umodzi umene anauzolowera kunyumba, kaya ndi nyimbo yogonekera kaya funso la madzulo lija, ndipo kuyamika kwanu kukhale pa zinthu zenizeni zimene iye waziona ndi maso: munthu amene anakuwolotsani pabwato, mayi amene anakubwerekani mphika, bulangete limene munagawana. Kuthokoza kotere sikukuletsani kudandaula kwa amfumu kapena kwa akuluakulu a boma pamene thandizo lachedwa, ndipo mwana akhoza kuona kholo lake likuchita zonse ziwiri.

Pomaliza pake, mwana akafika zaka zinayi yambani kumutuma kukabweza zinthu zobwereka kwa anansi apafupi, inu mukumuyang'ana chapatali. Sefa kapena musi zikabwerera kwa mwini wake, muikireniponso timasau kapena malambe awiri m'kambale, ndipo musanamutume muyeserere naye mawu okanena: "Odi, amayi akuti zikomo, sefa ija ndi iyi." Ulendo woyamba mwina adzangotula sefayo pakhonde n'kuthawa osanena kanthu. Akabwerera musamudzudzule, mungomufunsa mmene wayendera ndi amene wawapeza pakhomopo, ndipo sabata yamawa mudzamutumenso.