Zithunzi za usiku zodzadza timadontho: chotsani noise kaye, sharpening pambuyo

Amene munajambulapo chinkhoswe kapena ukwati mu holo madzulo mukudziwa zomwe ndikunena. Pa kamera chithunzi chikuoneka bhobho, kufika kunyumba kuchitsegula pa laputopu, nkhope ya mkwatibwi ili mchengamchenga, suti yakuda ya mkwati yadzadza timadontho tofiira ndi tobiriwira. Imeneyo ndiye noise. Imabwera kuwala kukachepa inu n'kukweza ISO (nambala yomwe mumakweza pa kamera kuti chithunzi chiwale kukakhala mdima) mpaka 3200 kapena 6400, ndipo pa foni ndiye zimanyanya chifukwa sensa yake ndi kakang'ono.

Ambirife timathamangira sharpening, chida chonolera timizere ta m'chithunzi kuti tioneke bwino, poganiza kuti chithunzi chiyera, koma sharpening sidziwa kuti ili ndi diso ili ndi dontho, imangokuza zonse pamodzi. Ndiye yambani ndi noise.

Mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, pitani pa Detail, kenako zumani mpaka 100%, apo ayi mukhala mukungosuntha ma slider osaona chomwe chikusintha. Yambani ndi Color, iyi imachotsa timadontho tamitundu tija ndipo siwononga zambiri. Pa RAW, fayilo ya chithunzi chosaphika chomwe kamera sinachikonze, imakhala kale pa 25, nthawi zambiri kungoikweza pang'ono basi zatheka. Luminance, yochotsa mchengamchenga uja, ndiye yofunika kusamala nayo. Kwezani pang'onopang'ono uku mukuyang'ana tsaya kapena mphumi, ine ndikafika cha m'ma 20 kapena 30 ndimayamba kudzikayikira, chifukwa mukapitirira khungu limasalala ngati chidole cha pulasitiki, tsitsi lolukidwa bwinobwino n'kusanduka phala, maluwa a pa chitenje n'kusungunuka. Kamchenga pang'ono katsale, sikachititsa manyazi, ndipo kasitomala akamaonera pa foni sakaona n'komwe. Komanso osakweza Shadows mosaganiza, noise yambiri imabisala m'malo amdima momwemo ndiye mukawalitsa mwaivundukula nokha.

Ngati muli ndi Lightroom yatsopano, mu 2023 Adobe anaikamo Denoise yogwiritsa ntchito AI, pa RAW imachita zodabwitsa ndithu, kungoti kompyuta ikakhala yofooka mudikira mpaka tiyi kuzizira.

Tsopano sharpening. Amount, slider ya mphamvu ya sharpening, imafika 150 koma kumeneko musapiteko, pa RAW imayambira pa 40 ndipo pa nkhope za anthu apo ndi pokwanira kale. Radius, yomwe imakuza kapena kuchepetsa kunenepa kwa timizere tomwe sharpening ikugwira, isiyeni cha pa 1.0. Chinsinsi chenicheni chili pa Masking, slider yomwe ambiri saikhudza. Dinani Alt, kapena Option ngati muli pa Mac, uku mukuikoka, chithunzi chisanduka chakuda ndi choyera. Poyera ndi pomwe sharpening ikugwira, pakuda siikhudzapo. Kokani mpaka khungu, khoma ndi thambo zide, kutsale timizere toyera ta maso, nsidze, milomo ndi m'mphepete mwa zovala. Mukatero noise ija munavutika kuichotsa sibwereranso. Pa Lightroom ya pa foni gwiritsani zala ziwiri pokoka slider yomweyo, muona zomwezo.

Mukaona kamzere kowala kozungulira mutu wa munthu kapena denga, mwapyola, bwezani. Amene mumagwiritsa ntchito Snapseed, app ya pa foni yokonzera zithunzi, pa Details pali Structure ndi Sharpening, Structure ija pa nkhope imakalambitsa munthu, makwinya onse poyera, ndiye isungireni zithunzi za nyumba ndi mapiri. Ndipo chithunzi chomwe dzanja linagwedera kapena focus inaphonya, sharpening singachipulumutse, sankhani china basi.

Potulutsa, chepetsani kaye saizi ndiye muike Output Sharpening ya Screen, kapena ya pepala ngati mukukasindikiza. Potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa mukangoponya mwachizolowezi WhatsApp imachifinya chithunzi ndipo kasitomala akuimbirani kufunsa kuti bwanji maso sakuoneka bwino.