Mukapepesa maliro, mudzapitenso pakatha mwezi

Pa maliro anthu amadzaza, kwaya imayimba usiku wonse pasiwa, chipepeso chimasonkhedwa. Koma mavuto a mayi wamasiye amayamba anthu akabalalika, ufa utatha. Inu amumpingo, makamaka amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, gwirizanani kuti pakatha mwezi wina apiteko. Musapite chimanjamanja: ufa, sopo, shuga, kapena mukam'limireko ngati ndi dzinja.

Mukafika musathamangire kunena kuti "chinali chifuniro cha Mulungu." Anzake a Yobu anakhala naye masiku 7 ali chete, pa Yobu 2:13, ndipo zinasokonekera atayamba kumufotokozera chifukwa chimene ankavutikira. Akafuna kulira, musiyeni alire, kenako mupemphere naye. Mufunsenso za fizi ya ana, chifukwa yekha sangaitchule, amachita manyazi.